Chinkhwe: Mbalame ya M'gulu Imene Timaisunga Yokha

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, nkhalango ya Liwonde imakhala itayoyola masamba. Mitengo ya tsanya imangoti njo, dothi litang'alukang'aluka, ndipo madzi amatsala mu Shire ndi m'maiwe owerengeka. Munthu akakhala chete pafupi ndi dziwe lotere dzuwa likutuluka, khutu ndi limene limayamba kumva maso asanaone kanthu: kaphokoso kakuthwa, kosalekeza, ngati ana a sukulu atuluka kokapuma. Kenako limatulukira gulu la timbalame tobiriwira, kuzungulira kawiri katatu, n'kutera pamtengo wouma. Kumaso n'tofiirira ngati papaya wakupsa, mlomo wofiira psuu, ndipo diso lililonse lazunguliridwa ndi kamkombero koyera. Sititsika tonse nthawi imodzi. Tina tikamamwa, tina timatsala m'mwamba kuyang'anira kabawi.

Timbalame timeneti ndi zinkhwe. Ambiri a ife tikamva dzina loti chinkhwe timaganiza za mbalame yachilendo yokhala m'khola la mawaya pakhonde la munthu wopata, yonena “moni” kwa aliyense wodutsa. Koma Malawi ali nazo zinkhwe zake. Mtundu wa ku Liwondewu akatswiri amautcha Lilian's lovebird, ndipo dzinalo linaperekedwa mu 1894 polemekeza Lilian Sclater. Ndi kambalame kotalika pafupifupi masentimita 13. Kamapezekanso m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, komanso kummwera kwa Tanzania. M'nkhalango zathu mulinso zinkhwe zokulirapo, monga cha mutu wodera, cha mutu wotuwa, ndi china chotchedwa Meyer's parrot chokhala ndi mawanga achikasu pamapewa.

Aliyense wofuna kuweta chinkhwe ayambe waona gulu la padziwe lija, chifukwa zonse zimene mbalame ya m'khola imasowa zili pomwepo. Nkhuku ndi galu zakhala pakhomo pa munthu kwa zaka zikwizikwi mpaka zinasintha thupi ndi khalidwe. Chinkhwe sichinasinthe. Ngakhale chitaswedwera m'nyumba, kawirikawiri makolo ake kapena agogo ake anali m'nkhalango, ndipo mutu wake ukadali wa m'nkhalango.

Banja lalikulu

Padziko lonse pali mitundu ya zinkhwe pafupifupi 400. Yambiri ili kumadera otentha: South America, Australia ndi zilumba zoyandikana nayo, kummwera kwa Asia, ndi Africa. Zimasiyana kwambiri msinkhu. Ku New Guinea kuli tinkhwe tosafika ndi masentimita 10 omwe, pamene m'madambo a Pantanal ku Brazil muli hyacinth macaw, chinkhwe cha buluu chimene chimafika mita imodzi kuyambira kumlomo mpaka kumchira. Ku New Zealand kuli kakapo, cholemera kuposa zonse, chofika makilogalamu 4. Sichiuluka, chimayenda usiku, ndipo chimaswana pokhapokha mitengo ya rimu ikabereka kwambiri. Kumapiri a chisanu a dziko lomwelo kuli kea, chimene alendo amachidziwa bwino chifukwa chimasolola mphira wa m'mawindo a galimoto zawo.

Ngakhale zili choncho, chinkhwe sichisowa. Zala zake ziwiri zimaloza kutsogolo, ziwiri kumbuyo, moti phazi limagwira ngati dzanja. Chimaima ndi mwendo umodzi, wina utanyamula chipatso kupita nacho kukamwa, ndipo monga anthu, zina n'zamanzere, zina n'zamanja. Mlomo wake ndi wokhota, ndipo wam'mwamba umatha kusuntha pawokha pamene walumikizana ndi chigaza. Ndi mlomo umenewu chimaswa njere zolimba, kusenda makungwa, ndi kudzikoka pokwera mtengo ngati kuti ndi mwendo wachitatu. Lilime ndi lonenepa, lamphamvu, lotha kutembenuza njere m'kamwa mpaka litapeza pofooka poti mlomo ulume.

Tsiku la chinkhwe m'nkhalango

Tione chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chimene chimadziwika ndi dzina loti African grey. Kwawo ndi m'nkhalango zowirira za ku Congo, Cameroon, Gabon, Ghana, mpaka ku Uganda. Chimagona m'magulu akuluakulu pamitengo itali, nthawi zambiri m'mbali mwa mitsinje. Kukamacha, gulu lonse limachita phokoso, kuitanizana ndi malikhweru, kenako limamwazika m'timagulu kukafuna chakudya. Zimauluka makilomita ambiri kutsata mitengo imene yabereka. Zimakonda zipatso za kanjedza wamafuta, komanso zimadya njere, maluwa ndi makungwa. Kumalo ena zimatsikira pabwalo lopanda mitengo pakati pa nkhalango kukadya dothi ndi timizu. Zinkhwe za ku Peru nazo zimachita chimodzimodzi m'magombe a mtsinje wa Tambopata, kumene zimaunjikana mazanamazana kudya dothi lokhala ndi mchere umene umasowa m'zakudya zawo.

Dzuwa likafika paliwombo zimapuma pamthunzi, kukonza nthenga. Pamutu ndi pakhosi mlomo sufikapo, ndiye ziwiri zogwirizana zimakonzana. Zinkhwe zambiri zikasankhana zimakhalira limodzi zaka ndi zaka. Sizimanga zisa za udzu ngati mpheta. Zambiri zimaikira m'mphako za mitengo ikuluikulu yakale. Chinkhwe chotuwa chimaikira mazira awiri mpaka anayi, kufungatira pafupifupi mwezi umodzi, ndipo anapiye amakhala m'mphako milungu pafupifupi 12 asanauluke. Akauluka amatsatabe makolo, kuphunzira mtengo wodyedwa ndi wosadyedwa, njira ya kumadzi, ndi kulira kochenjeza za mdani.

Tsiku lonse la mbalame imeneyi latha ndi zinthu zitatu: kuuluka, kuvutikira chakudya, ndi kucheza ndi zinzake. Palibe ola limodzi limene imakhala yokha. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kwa chinkhwe mawuwa si fanizo ayi: chimene chatsala chokha ndi chimene kabawi amatenga.

N'chifukwa chiyani chimalankhula?

Chinkhwe chilibe milomo yofewa ngati yathu. Mawu ake amapangidwira pansi pa kholingo, pamphanda pamene njira ya mpweya imagawikira kupita kumapapu awiri. Paminofu ya pamenepo m'pamene pamachokera liwu, ndipo lilime limaliwongola. Koma kukhala ndi chida si chifukwa chokwanira. Nkhuku nayo ili ndi chiwalo chomwecho, koma tambala amalira monga analirira agogo ake popanda womuphunzitsa. Chinkhwe chili m'gulu la zolengedwa zochepa zimene zimaphunzira mawu pomvera zinzawo, monga amachitira mwana wa munthu.

Ku Venezuela, katswiri wina dzina lake Karl Berg anafufuza tinkhwe tobiriwira totchedwa green-rumped parrotlet, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Kambalame kalikonse kali ndi kuitana kwakekwake kumene tinzake timakadziwira nako, ngati dzina. Berg anasinthanitsa mazira pakati pa zisa kuti aone ngati kuitanako n'kwa kumtundu. Anapiye atakula, kuitana kwawo kunafanana ndi kwa makolo amene anawalera, osati amene anaikira mazirawo. Choncho dzina la kambalame kameneka limaphunziridwa pachisa.

Apa m'pamene pagona nkhani ya kulankhula. M'nkhalango, chinkhwe chimatsanzira mawu a gulu lake kuti chikhale mmodzi wa iwo. Chikatsekeredwa m'nyumba, gulu lake limakhala anthu a m'nyumbamo, ndiye chimatola zimene akunena. Chimatolanso kulira kwa foni, kukhosomola kwa agogo, kulira kwa chitseko, ndi mluzu woitanira galu. Mawu amene chimagwira msanga ndi onenedwa mwamphamvu, n'chifukwa chake kutukwana kumalowa m'mutu mwake msanga kuposa pemphero.

Kodi chimamva zimene chikunena? Munthu wongobwereza mawu a ena osawamvetsa timamuyerekeza ndi chinkhwe, koma chinkhwe china chinatsutsa kuyerekezaku. Mu 1977, Irene Pepperberg analowa m'sitolo yogulitsa ziweto ku Chicago n'kupempha wogulitsa kuti amusankhire yekha chinkhwe chotuwa chilichonse, kuopa kuti anthu angadzanene kuti anachita kusankha chanzeru. Anachitcha Alex, ndipo anagwira nacho ntchito zaka 30. Pophunzitsa, anthu awiri ankakhala patsogolo pa Alex. Mmodzi ankafunsa mnzake dzina la chinthu, monga kiyi kapena kamtengo. Akayankha bwino, ankapatsidwa chinthucho; akalakwa, ankachichotsa pamaso pake. Kenako ankasinthana. Alex ankaonerera, nsanje n'kumugwira, n'kuyamba kuyesa nayenso. Pofika mu 2007, pamene anafa ali ndi zaka 31, ankadziwa mawu oposa 100, ankatchula mitundu ya utoto 7 ndi maonekedwe 5 a zinthu, ankawerenga zinthu mpaka 6, ndipo akamuonetsa zinthu ziwiri ankatha kunena chimene zikufanana kapena kusiyana. Zikakhala kuti sizikusiyana kanthu, ankayankha kuti palibe. Sitinganene kuti chinkhwe chilichonse ndi Alex. Koma njira imene anaphunzirira ikutiuza zambiri: sanaphunzire kuchokera pa kaseti yobwerezabwereza, anaphunzira poona anthu akuchitirana zinthu.

Ulendo wochokera kumphako kupita kukhola

Nzeru yomweyi ndi imene yachiputira chinkhwe tsoka. Kwa zaka zambiri zinkhwe zotuwa zinkagwidwa m'nkhalango n'kutumizidwa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Kuyambira mu 1975, zoposa miliyoni imodzi zinatuluka mu Africa ndi zikalata zovomerezeka, osawerengera zozembetsedwa ndi zofera panjira. Ogwira amapaka ulimbo pandodo n'kuziika pamtengo pamene amangirirapo chinkhwe china kuti chiitane zinzake, kapena amatchera maukonde pamabwalo odyera dothi aja. Ena amagwetsa mtengo wonse kuti atenge anapiye, ndipo mphako imene inatenga zaka zambiri kuti ipangike imathera pomwepo. Mbalamezo zimapanikizidwa m'mabokosi, nthenga zam'mapiko atazidula, ndipo zambiri zimafa zisanafike n'komwe pabwalo la ndege. Kafukufuku wa ku Ghana anapeza kuti dzikolo lataya pakati pa 90 ndi 99 pa 100 iliyonse ya zinkhwe zake zotuwa chiyambire 1992.

Mayiko anachedwa, komabe anachitapo kanthu. United States inakhwimitsa malamulo olowetsera mbalame zakuthengo mu 1992, mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya analetseratu mu 2007, ndipo mu 2016, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kuthengo. Kuno kwathu, lamulo loteteza nyama zakuthengo linakonzedwanso mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Kugwira kapena kusunga mbalame yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo ndi mlandu.

Mitundu ina inapita kale, ina inangotsala pang'ono kutha. Chinkhwe cha ku Carolina, chimene kale chinkadzaza m'minda ya kum'mawa kwa United States, chomaliza chinafera kumalo osungira nyama ku Cincinnati mu 1918. Chinkhwe cha buluu cha ku Brazil chotchedwa Spix's macaw chinazimiririka kuthengo mu 2000, n'kutsala m'makola mokha, mpaka mu 2022 pamene zoweta zina zinakatulutsidwa kwawo ku Curaçá. Kakapo zinatsala 51 zokha mu 1995, amphaka, makoswe ndi tinyama tina tobwera ndi anthu titazitha. Atazisamutsira kuzilumba zopanda adaniwo, monga Whenua Hou, tsopano zapitirira 200, ndipo alonda amadziwa chilichonse payekhapayekha.

Choncho funso loyamba kwa wogulitsa chinkhwe lisakhale la mtengo, koma la kumene chachokera. Chogulitsidwa m'mbali mwa msewu, mapiko atathothoka, chikunjenjemera pakona ya katoni, ndi chogwidwa kuthengo. Kuchigula chifukwa cha chisoni kumangotuma wogwira uja kukatenga china.

Musanalowetse chinkhwe m'nyumba

Choyamba kuwerengera ndi zaka. Chinkhwe chotuwa chosamalidwa bwino chimakhala zaka 40 mpaka 60. Cookie, chinkhwe cha mtundu wa cockatoo chimene chinkakhala kumalo osungira nyama a Brookfield pafupi ndi Chicago, chinafa mu 2016 chili ndi zaka 83. Bambo wa zaka 50 akagula chinkhwe chachikulu, akugulira ana ake chuma chamasiye chofuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Woyamba kumene angachite bwino ndi tinkhwe ting'onoting'ono ta ku Australia, budgie kapena cockatiel, timene takhala tikuswanitsidwa m'makola kwa mibadwo yambiri. Amene anafika ndi budgie ku England ndi John Gould, mu 1840. Ndipo ndi bwino kutenga tiwiri kusiyana ndi kamodzi.

Khola likhale lalikulu moti mbalame itambasule mapiko onse n'kukupiza osagunda waya, komanso likhale lotakata m'mbali, chifukwa mbalame imauluka chopingasa. Waya wadzimbiri, wopakidwa penti wakale, kapena wokutidwa ndi chitsulo chotuwa chija cha pamalata ndi woopsa, popeza chinkhwe chimatafuna chilichonse ndipo zitsulo zina zimachidwalitsa. Poterapo pakhale nthambi zenizeni zosiyana kukula, kuti mapazi asachite zilonda. Ikani khola mbali imodzi itatsamira khoma, pamalo pamene anthu amakhala, pofika kadzuwa ka m'mawa koma pali mthunzi wothawirako. Usiku chimafuna mdima ndi bata kwa maola 10 mpaka 12, monga kulili kwawo. Chogona pabalaza wailesi yakanema ikulira mpaka pakati pa usiku chimadzuka cholusa. Khola ndi chipinda chogona chabe. Tsiku lililonse chizituluka maola angapo, mawindo atatsekedwa, mphaka ali kunja.

Mapapu a mbalame amakoka mpweya mwamphamvu kuposa athu, moti utsi umene ife timangotsokomola nawo, iyo imafa nawo. Mbaula ya makala, utsi wa fodya, mankhwala opopera udzudzu ndi zofukiza zake, penti watsopano, ndi mpweya wa mapoto osamatirira chakudya aja akatenthetsa, zonsezi zisayandikire. Kukhitchini si malo a chinkhwe.

Pa chakudya m'pamene ambiri amalakwa ndi mtima wabwino. Amadzaza mbale ndi mpendadzuwa ndi mtedza chifukwa ndi zimene mbalame imathamangira. Koma njerezi zili ndi mafuta ambiri, ndipo zilibe vitamini A ndi kashiamu wokwanira. Chinkhwe chodya zokhazi chimanenepa, chiwindi chimawonongeka, mphuno zimatsekeka, ndipo chotuwa chimatha kumagwa ngati chakhunyu chifukwa chosowa kashiamu. Mtedza wachuku ndi woopsa koposa, umawononga chiwindi ndi mapapu. Mbale yabwino imakhala ndi zakudimba: karoti, maungu, mbatata yofiira m'kati, mpiru, bonongwe, chimanga chachiwisi, nyemba zophika bwino zopanda mchere, ndi zipatso pang'ono monga papaya, mango ndi gwafa. Onjezani mapira ndi mawere, komanso chakudya chopangiratu cha zinkhwe ngati chikupezeka. Tsabola sichimuopa, popeza mbalame sizimva kuwawa kwake. Zosayenera kupereka ndi peyala, chokoleti, khofi, tiyi, mowa, anyezi ndi zamchere. Madzi asinthidwe tsiku lililonse, ndipo pakhale mbale yosambira kapena muzichiwaza madzi, chifukwa kwawo chimasamba mvula.

Kuthengo mbalame yooneka yodwala ndi imene imagwidwa, ndiye chinkhwe chimabisa matenda mpaka atakula. Mukaona chafufuma nthenga tsiku lonse, chakhala pansi pa khola, mchira ukugwedezeka popuma, kapena zitosi zasintha, pitani nacho kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti pali matenda ena a zinkhwe, otchedwa psittacosis, amene amagwira munthu akapuma fumbi la zitosi zouma, ndipo amayamba ngati chimfine chachikulu. Nyowetsani pansi pa khola musanasese, ndipo sambani m'manja mukamaliza.

Kuphunzitsa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinkhwe chatsopano chisiyeni masiku angapo chizolowere. Khalani pafupi ndi khola, muzilankhula motsitsa, osachiyang'anitsitsa m'maso, pakuti kwa mbalame maso awiri olunjika ndi a chilombo. Fufuzani chimene chimakonda koposa, mwina ndi mpendadzuwa uja, muchichotse m'mbale n'kuchisunga kuti chikhale mphotho. Lamulo lonse la kuphunzitsa ndi limodzi: chimene chabweretsa zabwino, mbalame imachibwereza. Mphotho ifike pomwepo, m'kamphindi komweko, kuti idziwe chimene yalipidwira.

Yambani ndi kandodo. Kasonyezeni pafupi ndi mlomo. Chikangokakhudza, nenani “eya” n'kupereka njere. Chikazindikira, sunthani kandodo pang'ono kuti chiponye phazi kukatsata. Posakhalitsa mukhoza kuchitsogolera kulikonse, kulowa ndi kutuluka m'khola, osachigwira. Kenako ikani dzanja pakati pa mbalame ndi kandodo, n'kunena kuti “kwera”. Poyamba chimayesa dzanja ndi mlomo monga chimayesera nthambi. Mukalithawitsa, chimaphunzira kuti dzanja ndi nthambi yosadalirika. Phunziro lisapitirire mphindi 5 kapena 10, ndipo lekezani zikadali bwino.

Kumenya, kugwedeza khola kapena kuchithira madzi mokwiya sikuphunzitsa kanthu koma mantha, ndipo chinkhwe sichiiwala msanga. Chisanalume chimachenjeza: mwana wa diso amakula n'kuchepa mofulumira, nthenga za pakhosi zimaimirira, mchira umatambasuka, thupi limapendekera kutali nanu. Wolemekeza zizindikirozi salumidwa kawirikawiri. Wozinyozera amaphunzitsa mbalame kuti chenjezo n'lopanda ntchito, ndiye imangoyamba ndi kuluma.

Phokoso nalo lili ndi tanthauzo. Kulira kwa m'mawa ndi madzulo ndi kuitana gulu, ndipo sikungaletsedwe. Koma chikakuwa inu n'kuthamangirako mukukalipa, kwa icho ndiye kuti gulu layankha, mawa chidzakuwa koposa. Njira yabwino ndi kuchiphunzitsa mluzu kapena liwu lofatsa, n'kumayankha limenelo nthawi zonse ngakhale muli kuchipinda china. Mawu aphunzitseni pa nthawi yake: “mwadzuka bwanji” povundukula khola, “madzi” pothira madzi, “tapita” potuluka. Mwa njira imeneyi liwu limamatirira ku chinthu chake. Koma si chinkhwe chilichonse chimalankhula, ndipo wogula mbalame chifukwa cha mawu okha akhoza kukhala zaka 40 ndi mbalame ya malikhweru.

Ntchito ya mlomo ndi ya mutu

Kuthengo kupeza chakudya kumatenga maola ambiri. M'khola, mbale imatha m'mphindi zochepa, kenako tsiku lonse lili mbee. Mutu wozolowera kuthetsa mavuto ukasowa chochita umatembenukira thupi lake lomwe. Chinkhwe chimayamba kudzizula nthenga pachifuwa mpaka khungu kuonekera, kapena kuyenda uku ndi uku pandodo, kapena kukuwa kosalekeza. Kuzula nthenga kumayambanso ndi matenda kapena chakudya chosakwanira, choncho dokotala aone kaye. Koma nthawi zambiri gwero lake ndi kusungulumwa ndi kusowa ntchito.

Kuti mumvetse kukula kwa mutu umenewu, taganizirani zinkhwe zoyera za tsumba lachikasu za mumzinda wa Sydney, zimene zinaphunzira kutsegula zivundikiro za migolo ya zinyalala. Ofufuza analemba mu 2021 kuti lusoli linafalikira dera ndi dera, mbalame zikuonera zinzawo, ndipo madera osiyana anali ndi katsegulidwe kosiyana.

Mankhwala a kusowa ntchito safuna ndalama zambiri. Lekani kupereka chakudya chonse m'mbale. Kulungani njere m'pepala loyera kapena m'makoko a chimanga, zibiseni m'kabokosi, zilowetseni m'kachidutswa ka nsungwi koboola. Pachikani chimanga chachiwisi ndi makoko ake kuti chisende chokha. Chipatseni chitsononkho, mlaza wolukidwa, chipatso cha mlambe chong'alula pang'ono, kapena nthambi yamasamba ya mtengo umene mukudziwa kuti ndi wosaopsa ndiponso sunapoperedwe mankhwala. Choseweretsa cha chinkhwe chikaphwasuka ndiye kuti chagwira ntchito yake. Muzisinthasintha zinthuzi sabata ndi sabata, koma chatsopano chiyambe chaonekera patali, chifukwa zinkhwe zambiri, makamaka zotuwa, zimaopa chachilendo. Kudula nthenga zam'mapiko kumachotsa masewera aakulu koposa onse. Ngati nyumba ingatetezedwe bwino, chisiyeni chiziuluka. Ndipo palibe choseweretsa chimene chingalowe m'malo mwa mnzake, kaya ndi mbalame ina kapena anthu amene amadya, kucheza ndi kugwira ntchito icho chili pomwepo.

Kubwerera kudziwe

Tinkhwe ta ku Liwonde tili ndi adani akenso. Tiwonge Mzumara-Gawa, katswiri wa mbalame wa kuno ku Malawi amene anatifufuza kwa zaka zingapo, anaonetsa kuti timadalira mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya pogona ndi poswana, komanso kuti timafa tambiri anthu opha nyama mozemba akathira poizoni m'maiwe m'chilimwe. Poizoniyo amatcherera nyama zina, koma gulu lonse limamwa padziwe limodzi, ndiye limafera limodzi. Kunja kwa nkhalango yotetezedwa, tsanya amagwetsedwa chifukwa cha makala ake olimba ndi mitengo yomangira, ndipo woyamba kugwa ndi wamkulu, wamphako uja. Nawonso alimi oyandikana ndi nkhalango ali ndi dandaulo lomveka, popeza timbalameti timatera m'minda ya mapira. Chiyambire 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde mogwirizana ndi boma, ulonda unakhwima ndipo misampha yawaya zikwizikwi inachotsedwa.

Kambalame ka padziwe ndi chinkhwe cha pakhonde zimafuna zofanana: mphako yogonamo mwabata, chakudya chovutikira, mlengalenga moulukamo, ndi mawu oyankha chikaitana. Ka padziwe kadzazipeza kokha malinga tikasiyira tsanya ndi madzi abwino. Cha pakhonde sichingazipeze pokhapokha mwini wake atazibweretsa ndi manja, tsiku ndi tsiku, mwina kwa moyo wake wonse. Woona kuti sangakwanitse asadzimvere chisoni; Liwonde sali patali, ndipo m'chilimwe gulu limafika padziwe m'mawa uliwonse. Koma amene ali nacho kale m'nyumba, akamva chikunena “moni” iye ali kuseri, adziwe kuti sichikuonetsa luso. Chikufunsa ngati gulu lake likadalipo, ndipo chikudikira yankho.